Nanga lupanga lakuda la Apwitikizi mwalisiyiranji?

Nkhani yanu ya malupanga oti amisiri osula zitsulo apange ndaikonda, koma mwangotchula lupanga la ku Japan lotchedwa katana ndi malupanga a ma Viking, ankhondo akale a kumpoto kwa Ulaya, ngati kuti amisiri sanapangepo kale miyandamiyanda. Ine pano ku Ulongué ndikanakonda atatipangira lupanga lakuda lija la amalinyero a Chipwitikizi a m'zaka za m'ma 1500, lomwe amati espada preta. Chotchinjiriza dzanja chake n'chopindika ngati zala za nkhanu, ndipo ankalidetsa dala kuti mchere wa m'nyanja usalidye dzimbiri. Ukaima pa linga la São Tiago Maior ku Tete, pafupi ndi Zambezi, maganizo amakafika pa zida zoterozo.

Linanso ndi shotel wa ku Ethiopia, wokhota ngati chikwakwa, woti umazungulira chishango n'kubaya munthu kumbali. Agogo anga, Mngoni wa ku Domwe, akanangopukusa mutu, iwo ankakhulupirira nthungo yaifupi ndi chibonga basi.

Koma chonde apange ndi chitsulo chenicheni. Lupanga langa ndinagula kwa wamalonda wina chaka chatha, ndinangoyesa kudula thunthu la nthochi, chigwiriro n'kutsala m'manja, mpeni wake uli m'munda mwa aneba.