Mpingo uwerengenso amene sabwera

Kaundula wa kuparishi amadziwa bwino amene wapereka mtulo ndi amene ali ndi ngongole. Koma funsani chifukwa chimene achinyamata amazimiririra akangolandira Ulimbitso, mumva zakuti dziko lawonongeka, tiwapempherere. Pemphero sindikulikana ayi. Chondivuta n'chakuti timapemphera tisanafunse n'komwe kuti anawo ali kuti ndipo chawachotsa n'chiyani.

Kufunsa kotero ndiyo ntchito ya sociology, maphunziro ofufuza za kakhalidwe ka anthu m'magulu awo, ndipo Mpingo wa Katolika unayamba kale kudya zipatso zake. Mu 1943 ansembe awiri a ku France, Henri Godin ndi Yvan Daniel, analembera Kadinala Suhard wa ku Paris lipoti loonetsa kuti anthu ogwira ntchito m'mafakitale anali atatalikirana ndi tchalitchi kalekale, m'dziko lomwe linkatumiza amishonale kunja. Mu 1947 Fernand Boulard anatulutsa mapu a midzi ya dzikolo, oonetsa kumene anthu amapita ku Misa ndi kumene mabenchi ali gwaa. Ansembe ena anavula mikanjo n'kukalembedwa ganyu m'mafakitale momwemo. Rome inawaletsa mu 1954, n'kudzawalolanso mu 1965.

Ndikudziwa amene akukonzeka kale kundiyankha kuti chiphunzitso cha Mpingo sichiponyeredwa voti. Zoona. Wansembe Andrew Greeley wa ku Chicago atanena kuti kalata ya Papa Paulo VI ya mu 1968 yoletsa njira zamakono zolera inathandiza kuchepetsa obwera ku Misa ku America, akuluakulu ambiri anamuda kukamwa. Komatu iye sanasinthe lamulo lililonse, anangoonetsa pamene nkhosa zikutulukira.

Kwathu kuno Miphakati, timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, sinagwe kumwamba. Ambuye Patrick Kalilombe, ali episkopi wa Lilongwe, anaona wansembe mmodzi akuthamanga ndi matchalitchi ambirimbiri, akhristu akudikira miyezi kuti aone Misa. Pakati pa 1973 ndi 1975 anakhazika dayosizi yonse pansi kukambirana, ndipo mu 1976 maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a chigawo cha kum'mawa kwa Africa, anaika Miphakati patsogolo pa ntchito zonse. Boma la Kamuzu linachita nawo mantha magulu okumana m'midziwo, mpaka Kalilombe anachoka m'dziko.

Lero Miphakati yambiri yasanduka njira yotolerera zopereka basi. Ndi angati abambo amene amafikako? Lamulungu yang'anani nthawi ya Ukaristia: amayi amene asesa tchalitchi, aphikira alendo, aimba mpaka mawu kusasa, ndi omwewo otsala pabenchi chifukwa bambo akunyumba akukana kudalitsa ukwati. Bambo mfumu akudziwa kuti m'parishi mwawo alipo angati? Kalembera wa 2018 anapeza kuti Akatolika ndi 17 mwa anthu 100 alionse m'Malawi, koma sanene kuti ndi angati amene madzulo amakagona ku mapemphero a aneneri.

Ndikanakonda dayosizi iliyonse itatuma ofufuza, makamaka akhristu eni ake, kukacheza ndi amene anasiyawo, zotsatira zake n'kuziwerenga paguwa ngati mmene amawerengera ndalama za paper Sunday.