Chenjezo kwa makolo a ku Joni: ana akusowa chonena kwa agogo awo

Makolo anzanga a ku Mayfair, Rosettenville, Diepsloot ndi kwina konse, ndimvereni. Khalidwe lomalankhula ndi ana Chizungu ndi Chizulu chokhachokha m'nyumba lileke. Mwana wa zaka 10 mukumupatsa foni kuti apereke moni kwa agogo ake ku Mangochi, iye kukamwa yasa, maso kwa mayi ake. Inu n'kumaseka, ati mwana ndi wa m'tauni. Choseketsa n'chiyani pamenepo?

Kumudzi munthu kudziwa zilankhulo zingapo si nkhani. Mayi wa ku Machinga pakhomo amalankhula Chiyao, pamsika amatsatsa tomato wake m'Chichewa, popemphera amatchula mawu a Chiarabu. Ku Chitipa mudzi uno ndi Chilambya, ukayenda pang'ono Chindali kapena Chisukwa, koma anthu amakwatirana, kugulitsana mbewu ndi kuikirana maliro. Palibe amataya cha amake kuti aphunzire cha mnzake. Nanga inu anakunamizani ndani kuti mwana wanu akadziwa Chichewa, Chitumbuka kapena Chisena adzalephera sukulu?

Mantha anu ndikuwadziwa. Amene tinaona zipolowe zomenya anthu obwera za mu 2008 ndi 2015 sitiiwala, ndipo mu takisi n'kwanzeru kuyankha m'Chizulu. Koma mukalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, mukuopanso ndani?

Angoni a Zwangendaba anachoka m'dziko lomwe lino, nawoloka Zambezi mu 1835 ali ndi chilankhulo chawo. Lero zidzukulu zawo ku Mzimba zikulankhula Chitumbuka, Chingoni chatsalira kwambiri m'nyimbo za ingoma. Chinathera pakhomo, ana akukula ndi chilankhulo cha amayi awo. Inu mukuchita zomwezo, koma m'badwo umodzi wokha.

Kuno tili paulendo. Mapepala amatha, ntchito imatha, ndipo ena timabwerera tili m'bokosi. Tsiku limenelo mwana wanu adzatsika basi, adzakhala pasiwa osamva zimene akuluakulu akunena za inu. Nkhani ya munda wanu ikadzapita kwa amfumu, sadzaikamba m'Chizulu, ndipo achibale adzagawana iye ali pomwepo akungoyang'ana.

Amene mukupita ndi ana kumudzi mu Disembala, yambani usiku uno pomwe mukudya nsima. Adziwe kupereka moni atagwada, kupempha madzi, ndi kuyankha kuti "wawa" akaitanidwa.