Mwana ndabereka ndekha, akundifunsa kuti mayi ake ali kuti

Abale anga a kunja kuno, mtima wanga sunatsikebe. Lachisanu lapitali ndinali pa depoti ya mabasi ku São Paulo, kuno ku Brazil, ndi ana anga awiri, ulendo wa ku Curitiba kukaona azakhali awo. Pakhomo la basi, bambo woona matikiti anayang'ana ine, n'kuyang'ana khanda, kenako n'kufunsa kuti kalata yochokera kwa mayi a mwanayu ili kuti. Mayi ake ati? Mwana ali pachifuwa panga, akukoka bulauzi kufuna bere, munthu n'kumafunsa za mayi ena! Poti bambo ake ndi a konkuno ndipo mwana anatengera khungu lawo, ine ndaoneka babá, wantchito wolera ana a mabwana.

Lamulolo ndikulidziwa ndipo sindikulimbana nalo. Lamulo la ana la 1990, lomwe kuno amangoti ECA, analikhwimitsa mu 2019: mwana wosakwana zaka 16 sapita kutali popanda kholo, wachibale wokhala ndi umboni wa papepala, kapena kalata yovomerezeka. Ana amabedwa, nzoona, atetezedwe. Koma setifiketi yobadwira ndinatulutsa, dzina langa lili pomwepo. Khadi langa la CRNM, chiphaso cha alendo okhala m'dziko muno, ndinatulutsa, nkhope yanga ili pomwepo. Anazitembenuza, n'kuitana mnzake, n'kumanong'onezana, mzere wonse maso ali pa ine. Mayi wachizungu amene anali patsogolo panga ndi ana ake anangoonetsa mapepala n'kulowa, osafunsidwa ngakhale funso limodzi.

Nanga mapepalawo mukuganiza amabwera ulere? Wamkuluyu anabadwira ku Zomba, setifiketi yake ndi ya Chingerezi. Inayenera kudindidwa apostille kumudzi, chidindo choti ivomerezeke kunja, kuno n'kuipereka kwa womasulira wolumbira, tradução juramentada, ndalama. Ukachoka apo, ku cartório, ofesi yotsimikizira mapepala, ndalama. Kusaina kwako komwe amafuna akutsimikizire kuti ndi kwako, firma reconhecida, ndalamanso. Inu amene muli kuno mukudziwa, tsiku lonse limathera pa benchi uli ndi kanambala m'manja, ana akulira njala, kuntchito akukuwerengera maola. CPF, nambala yako ya msonkho, amakufunsa paliponse, ngakhale pogula mankhwala a chifuwa. Ku hotela nakonso, usanapatsidwe kiyi, mapepala a ana patebulo. Chikwama changa matewera ndi ochepa, mapepala ndiye ambiri.

Mabasi awo ndi abwino, sindikana, koma kuzizira kwa m'katimo! Makina oziziritsa amawasiya usiku wonse, ana amatsika akutsokomola. Wosakwana zaka 6 salipira akakhala pamiyendo, koma dzikoli ndi lalikulu, abale. Ku Curitiba ndi makilomita pafupifupi 400, ku Foz do Iguaçu amafika 1,000. Miyendo imachita dzanzi mpaka sumva kuti uli nayo. Basi ikaima pamsewu, chakudya amachita kuyeza pasikelo, mbale ya mwana yomwe sangaimalize mtengo wake n'kukusiya kukamwa yasa. N'chifukwa chake ndimaphika nsima ya fubá, ufa wawo wachikasu uja, n'kuikulunga, anthu n'kumasuzumira kuti tikudya chiyani. Ndikabereka mwana kumbuyo ndi chitenje, mafoni m'mwamba, kujambula osapempha. Ena dzanja lili kale m'tsitsi la mwana wanga. Ukawauza kuti ndine wa ku Malawi, akuti ndi mbali iti ya Angola, ena akuti ndiwe wa ku Haiti koma ukubisa.

Zonsezo ndimapirira. Koma "mayi ake ali kuti"? Mawu amenewa sakundichoka m'makutu. Kwathu ukakwera minibasi ndi ana awiri, mayi amene sunawaonepo amangoti "bwera naye kuno", n'kumukhazika pamiyendo mpaka ku Limbe, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kuno mwana wanga yemwe ndichite kumutulutsira umboni pamaso pa gulu.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti dziko lino si la azungu okhaokha. Kalembera wa 2022 anaonetsa kuti anthu opitirira theka ndi akuda kapena osakanizika. Makolo awo anabwera ndi zombo za ukapolo, ena anakwezedwa ku Quelimane ndi pa chilumba cha Moçambique, pafupi ndi kwathu komwe, ndipo ukapolowo unathetsedwa mu 1888, mochedwa kuposa maiko ena onse a ku America. Mpaka lero, mayi wakuda akanyamula mwana woyera, maso a anthu amaona wantchito. Tsankho ndi mlandu kuno, lamulo lake lilipo kuyambira 1989. Koma ukadandaula nthawi yanji, basi ikulira kuti inyamuke, wina ali pamkono, wina wakugwira siketi?

A kumudzi nanunso mundimve. Mukaona chithunzi chimodzi tili kunyanja, uthenga wabwera kale: fizi, feteleza, malata. "Inu muli ku Brazil, kwa mpira." Palibe amafunsa kuti ana akuyenda bwanji. Ndi ife a kuno, tikakumana timangoseka, aliyense kubisa zake kuopa kuti zikamveka kumudzi. Tikubisiranji? Amene akubwera m'mbuyo mwathu adzagwa m'dzenje lomweli.

Zabwino zilipo, ndisaname. Katemera wa ana ku SUS, zipatala za boma, ndi waulere ngakhale kwa mlendo, wokhala ndi khanda ali ndi mzere wakewake ku banki ndi ku bwalo la ndege, ndipo m'sitima anthu amaimirira kuti ukhale. Tsiku lomwelo mayi wina wachikulire anatuluka pamzere n'kudzaima pambali panga mpaka anatilola kukwera. Mulungu awadalitse.

Koma amene ankamasulira zonsezi anali mwana wanga wamkulu, wa zaka 9, poti Chipwitikizi chake chimaposa changa. Mwana kumasulira mawu okayikira mayi ake! Titakhala pansi anandifunsa motsitsa kuti, "Amayi, akanatilanda mwana?" Ndinamuuza kuti ayi, palibe angatilande. Usiku wonse sanasiye kugwira mwendo wa mng'ono wake. Izi ndi zimene sindingazikhululukire. Sindinabwere kuno kuti ana anga aphunzire kuopa poyenda ndi mayi awo.

Amayi anga ku Zomba sanamunyamulepo wamng'onoyu. Amamuonera pa WhatsApp, ife tikudzuka iwo ali pa nkhomaliro, poti timasiyana maola asanu. Akukalamba, ndipo nthawi zonse amafunsa kuti mdzukulu abwera liti adzamusambitse. Wobadwira kuno ndi nzika ya Brazil, ndiye sindingatuluke naye pa bwalo la ndege la Guarulhos popanda chilolezo cha bambo ake. Takambirana, avomera, ndipo tikufuna chilolezocho chilembedwe m'pasipoti momwe, poti lamulo limalola. Ndayamba kusunga ya matikiti, kaya tidzera ku Johannesburg kaya ku Addis Ababa. Ndikufuna ana anga akafike pamudzi pomwe anthu akangotiona patali adzafuula dzina langa ndi la agogo awo, akadye nsima ya ufa woyera, akamve Chichewa kuchokera kwa anthu ena osati ine ndekha. Amene munatulukapo ndi ana obadwira kuno, ndiuzeni zimene anakufunsani pa bwalo la ndege, ndikonzeretu.