Timabuku toopsa tija tinatiphunzitsa kulemba, koma mantha ake anali obwereka

Anzanga amene munakulira ku Angónia, Tsangano kapena ku Zóbuè m'zaka za m'ma 1990, mukukumbukira timabuku tija tokhala ndi chigaza kapena chidole chotong'ola maso pachikuto? Goosebumps ya R.L. Stine inayamba kutuluka ku America mu 1992, chaka chomwe nkhondo yathu ya kuno ku Mozambique inatha ndi mgwirizano wa ku Roma. Anthu pobwerera kuchokera ku Malawi komwe anathawira, ana ambiri tinabwerako ndi Chingerezi cha m'sukulu za ku Dedza ndi Ntcheu. Ndiye timabukuto tikawoloka pa chipata cha malire cha Calómuè m'chikwama cha m'bale wina, owerenga tinali tilipo kale. Ena anatipeza m'Chipwitikizi pa dzina loti Arrepios.

Buku limodzi linkayenda kalasi yonse. Umapatsidwa usiku umodzi basi, n'kuliwerenga pa koloboyi amayi akudandaula za parafini. Likamafika kwa iwe, masamba omaliza anali atathothoka kale, mwina atapichiridwa fodya ndi amalume a winawake. Ine ndimati kuthothoka kwa masambako n'kumene kunabala alembi ambiri a msinkhu wathu. Nkhani yakugwira pakhosi, mwana watsekeredwa m'nyumba, chinthu chikukanda chitseko, buku latha! Ukanatani? Umatenga kaderno (kope) ya masamu, kuitembenuza chakumbuyo n'kudzimalizira wekha. Mawa lake mumakangana pa nthawi yopuma kuti mathero abwino ndi a ndani.

Luso lake silinali lakuya, koma linali lenileni. Mitu ifupiifupi, uliwonse wothera pomwe mtima wadumpha. Akuluakulu osakhulupirira zomwe mwana waona. Magazi ochepa, kudikira kwambiri. Mabuku a kusukulu ankatilangiza, awa ankatikoka, ndipo m'menemo ndi momwe tinadziwira kuti wowerenga sakakamizidwa, amanyengereredwa.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Ndikamawerenga nthano zoopsa zomwe achinyamata akuika pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp masiku ano, ndimapezamo chipinda cha pansi pa nyumba, chipale chofewa, maungu a Halloween. Abale, ku Ulongwe ndani ali ndi chipinda cha pansi pa nyumba? Maungu kwathu timaphika. Tinatenga luso, chabwino, koma tanyamulanso ndi mantha a eni ake, pomwe athu ali mbwee. Njira yodutsa pamanda dzuwa litapendeka, ng'oma ikumveka kudambwe. Fisi wolira kuseri kwa khola usiku womwe m'mudzi mwagwa maliro. Ndondocha zomwe amati zimalima munda wa munthu wolemera anthu ali mtulo. Malo omwe madzi a Cahora Bassa anamiza damu litatsekedwa mu 1974, asodzi n'kumapalasa bwato pamwamba pa mabwinja a makolo. Tinjira tomwe tinkaletsedwa kupondamo chifukwa cha mabomba okwiriridwa, dziko lisanalengezedwe mu 2015 kuti lathana nawo. Mwana wa ku Moatize amene amamva nthaka ikunjenjemera akaphulitsa kumgodi wa malasha, angasowe chomuyambitsira nkhani?

Komatu pali povuta, ndipo mwina n'chifukwa chake ambiri amathawira ku nkhani za kunja. Chilombo cha m'buku la Stine chilibe mudzi, ukatseka buku chatha. Zathuzi anthu amazikhulupirira, ndipo zimaloza munthu wamoyo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe, patsidya pomwepa. M'midzi mwathu agogo aakazi osauka amathamangitsidwa chifukwa mdzukulu wadwala malungo. Ndiye nthano yomwe mfiti yake ndi nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi ine sindiiwombera m'manja, ngakhale italembedwa mokoma chotani. Yangobwereza zimene gulu la anthu onyamula miyala limanena kale. Yondiopsa ineyo ingakhale yolembedwa ndi maso a mdzukulu wa agogowo, akumva mapazi akuchuluka panja, mawu a anthu omwe amawadziwa mayina onse. Gule Wamkulu nayenso asasandutsidwe chidole choopsezera alendo, ali ndi eni ake ndi mwambo wake.

Za chilankhulo ndinenepo pang'ono. Kuno ku Tete kuphunzitsa ana m'Chinyanja kunayesedwa kuyambira 1993, ndipo lero kuli sukulu zophunzitsa m'zilankhulo ziwiri. Mwana akamaliza buku la m'kalasi, n'chiyani china cha m'Chinyanja chomwe angabise pansi pa desiki? Pafupifupi palibe. Kusindikiza kumadya ndalama, ndikudziwa, koma mutu umodzi pa sabata pa foni sufuna mametikali ochuluka. Amene muli ndi nthano zotere m'makaderno, ikani mutu woyamba pano, ndiwerenga ndipo ndikuuzani mosabisa pomwe ndinayamba kuyasamula.