Chenjezo kwa inu amene mukuombera m'manja wapolisi womenya woganiziridwa

Ana anga, pali chizolowezi chimene chakula pakati pathu ndipo ndikufuna ndichidzudzule poyera. Munthu akangogwidwa pomuganizira kuti waba kapena wapha, khamu limayamba kufuula kuti apolisi amumenye mpaka aulule, ndipo pa Facebook mumalemba kuti "musamunyengerere ameneyo, mumuphwanye", pamene woganiziridwayo sanaonekere ngakhale tsiku limodzi kubwalo la milandu. Ndikamvetsera mayankhulidwe anu, ndimaona kuti ambiri mwaphunzira ntchito ya upolisi kuchokera m'mafilimu a apolisi ofufuza milandu amene mumaonera madzulo aliwonse.

M'mafilimu amenewo zinthu zimayenda motere. Wapolisi amathyola chitseko cha nyumba popanda chikalata cha khoti, amakokera woganiziridwa m'kachipinda, amamenya tebulo, amamugwira pakhosi ndi kumukankhira kukhoma, ndipo munthuyo amaulula zonse ola lisanathe. Loya wofuna kuteteza woganiziridwa amaonetsedwa ngati mdani wa chilungamo, ndipo wamkulu wa apolisi amene akukumbutsa za malamulo amaoneka wamantha. Inu mumatuluka m'nyumba yoonetsera mafilimu mutakhutira kuti wapolisi wabwino ndi wothyola malamulo. Chimene simukuchiganizira ndi chakuti wolemba filimuyo anasankhiratu wolakwa asanayambe kujambula, ndiye chibakera chilichonse chimagwera munthu amene inu mukudziwa kale kuti ndi chigawenga. Wapolisi weniweni alibe mwayi umenewo. Iye amagwira munthu chifukwa cha mphekesera, chifukwa cha dzina lotchulidwa ndi mdani wake, kapena chifukwa chakuti akuluakulu akumukakamiza kuti apeze wina msanga.

Ku America komweko kumene kumachokera mafilimu ambiriwa, nkhani yeniyeni ndi ina. Mu 1989, anyamata asanu a zaka zapakati pa 14 ndi 16 anagwidwa mumzinda wa New York powaganizira kuti anagwirira ndi kuvulaza mayi wina amene ankathamanga m'paki yotchedwa Central Park. Atapanikizidwa ndi mafunso kwa maola ambiri, anavomera, ndipo khoti linawamanga. Mu 2002, mkaidi wina dzina lake Matias Reyes anaulula kuti ndi iye yekha amene anachita zimenezo, ndipo kuyeza kwa DNA, kumene kumazindikira munthu kudzera m'zinthu zochokera m'thupi lake, kunatsimikiza mawu ake. Pofika nthawiyo anyamata aja anali atataya unyamata wawo m'ndende, wina mpaka zaka 13. Mzinda wa New York unawapatsa chipukuta misozi cha madola 41 miliyoni mu 2014, koma palibe ndalama imene ingabwezere munthu zaka zake. Mwana wotopa ndi wamantha amavomera chilichonse kuti amusiye apite kwawo, ndipo pamene iye akuvomera, wolakwa weniweni amakhala akuyenda mfulu.

Kumbukiraninso za George Floyd mumzinda wa Minneapolis ku America pa 25 Meyi 2020. Wapolisi Derek Chauvin anamupanikiza ndi bondo pakhosi kwa mphindi zoposa zisanu ndi zinayi, munthu atamangidwa kale unyolo, atagona chafufumimba pamsewu, akudandaula kuti akulephera kupuma. Chikalata choyamba chimene apolisi anatulutsa chinangonena kuti munthuyo anaoneka kuti wadwala ndipo anakamwalirira kuchipatala, osatchula za bondolo. Choonadi chinadziwika chifukwa mtsikana wa zaka 17 anaima pambali n'kujambula ndi foni yake. Chauvin anapezeka wolakwa mu 2021 ndipo anagamulidwa zaka 22 ndi theka. M'mwezi wotsatira imfayo, makampani a wailesi za kanema kumeneko anachotsa mapulogalamu ena otsatira apolisi ndi makamera, chifukwa anthu anayamba kufunsa ngati zimene ankaonera zinkawaphunzitsa kuona nkhanza ngati chinthu chabwinobwino.

Musanene kuti zimenezi ndi za kutali. Mu Febuluwale 2019, Buleya Lule anamwalira m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, atagwidwa pomuganizira pa nkhani ya kubedwa kwa mnyamata wachialubino ku Dedza. Kafukufuku wa bungwe la Malawi Human Rights Commission anapeza kuti anazunzidwa, ndipo kupima thupi lake kunasonyeza kuti anaphedwa ndi magetsi. Dziko lonse linali lokwiya ndi kuphedwa kwa abale athu achialubino, ndipo mkwiyowo unali woyenera. Koma taganizani chimene tinataya. Ngati munthuyo ankadziwa kanthu za amene amatuma ndi kugula, zonsezo anapita nazo kumanda. Ngati sankadziwa kanthu, ndiye kuti munthu wosalakwa anafa imfa yowawa. Mbali zonse ziwiri, banja la mwana wobedwayo silinathandizike. Chaka chomwecho, mu Okutobala, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika anachitidwa nkhanza zogonana pamene apolisi analowa m'midzimo kutsatira kuphedwa kwa wapolisi mnzawo, ndipo mu 2020 khoti lalikulu linalamula kuti boma lipereke chipukuta misozi kwa amayi 18.

Sindikunena kuti apolisi onse ndi oipa. Ambiri amagwira ntchito yovuta, ya malipiro ochepa, nthawi zina popanda galimoto kapena mafuta okafikira kumene mlandu wachitikira, ndipo alibe makina oyezera zinthu amene mumawaona pa kanema akutulutsa yankho pompopompo. Koma mukamafuula kuti woganiziridwa amenyedwe, mukulimbikitsa wapolisi waulesi ndi wankhanza, ndipo mukufooketsa amene amafufuza moleza mtima, kufunsa mboni ndi kusonkhanitsa umboni woti ukaime pamaso pa woweruza. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Amene adzagone m'chitokosi chifukwa cha kufanana dzina kapena nkhope akhoza kukhala mwana wanu.

Malamulo oyendetsera dziko lino amaletsa kuzunza munthu wina aliyense, ndipo ndime 42 imati womangidwa auzidwe chifukwa chimene wamangidwira m'chiyankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete ndi wokumana ndi loya, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndiponso aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena, ngati maolawo atha pa nthawi imene khoti silikugwira ntchito, pa tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito. Mbale wanu akamangidwa, lembani tsiku, ola ndi polisi imene amutengera, pitani mukamuone, ndipo mukapeza zipsera pathupi pake, pemphani kuti apite kuchipatala ndipo dokotala alembe zimene waona. Madandaulo okhudza apolisi mungathe kuwapereka ku Independent Complaints Commission kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndipo amene alibe ndalama zolipira loya apite ku Legal Aid Bureau.