Maganizo aja obwera osaitanidwa

Anthuni tiyeni tikambeko za maganizo aja amene amangotulukira m'mutu osawaitana. Uli pa mlatho mwadzidzidzi kanthu kaziti "nanga utadumpha?", uli m'tchalitchi abusa ali kalikiliki kupemphera iwe mawu otukwana angobwera, mayi wanyamula khanda lake kenako akuona m'maganizo ngati waligwetsa. Ambiri amangofa nazo mumtima poopa kuti akaulula anthu aziti wagwidwa ziwanda kapena amulodza.

Chonsecho nkhaniyi anaifufuza kalekale. Mu 1978 akatswiri a zamaganizo Stanley Rachman ndi Padmal de Silva anafunsa anthu wamba osadwala ndipo pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse anavomera kuti zimawachitikira, komanso zomwe amaganizazo sizinasiyane kwenikweni ndi za odwala OCD, matenda oti maganizo osafunika amangobwerabwera mpaka munthu kumachita zinthu mobwerezabwereza pofuna kuwathamangitsa. Mu 2014 Adam Radomsky wa ku Concordia University ku Montreal ndi anzake anafunsa ophunzira 777 m'maiko 13, pafupifupi 94% anali atakumana nazo m'miyezi itatu yokha. Ndiye zikakhala ziwanda basi tonse tili nazo kkkk.

Amene amandisangalatsa ine ndi katswiri wina wa zamaganizo, Daniel Wegner. Mu 1987 ku America anauza anthu kuti kwa mphindi 5 aziyankhula chilichonse chobwera m'mutu koma asayerekeze kuganiza za chimbalangondo choyera, chikabwera aziliza belu. Belu linalira ndithu. Atawamasula kuti tsopano ganizani, omwe anayamba ndi kuletsedwa aja ndi amene chinawabwerera kwambiri kuposa anzawo amene sanaletsedwe poyamba. Chifukwa chake nchoti kuti upewe ganizo ubongo umayenera kumasuzumira pafupipafupi kuti kodi labwera, ndiye kusuzumirako nkomwe kumaliitana.

Apa mpamene ndimasiyana ndi aja amauza munthu kuti ingosiya kuganiza, lidzudzule, limbana nalo. Pemphero sindikulikana ayi, koma munthu amene akuvutika kale ukamuuza kuti ganizolo ndi umboni woti mkati mwake muli choipa wamuonjezera katundu, aziyang'anira mutu wake usiku ndi usana, kulapa kosatha, mpaka kuopa kugwira mpeni kukhitchini kapena kusambitsa mwana wake yemwe. Zikafika potero nkutheka ndi OCD ndipo chithandizo chake chilipo, chimatchedwa ERP, munthu amaphunzitsidwa pang'onopang'ono kulisiya ganizolo likhale osachita timiyambo tija tolithamangitsira, mantha aja amatsika okha.

Kungoti tisasokoneze. Ganizo lokuopsa lomwe sukulifuna nkomwe ndi losiyana ndi kufunadi kudzivulaza kapena kuvulaza wina. Ngati ukufunadi, kapena maganizowa akukulepheretsa kugona ndi kugwira ntchito, usadikire, pita kuchipatala. Kuno kwathu kuli Zomba Mental Hospital, kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ngakhale kuchipatala cha boma cha m'boma lako ukhoza kuyambira pomwepo.