Dobadoba wa nyumba amadya kwa ndani: Bangula, Joni ndi tsidya la Marka

Madzi a namondwe wa Freddy atawazunza mu 2023, azakhali anga adaganiza zogulitsa nyumba yawo ya malata ku Bangula kuti akamange kumtunda. Adatuma mnyamata wina wa kabaza kuti awasakire wogula, mtengo 6 miliyoni. Tsiku losainirana kalata kwa amfumu, wogula adamasula jumbo nʼkufunsa, "Mayi, tiwerenge yonse 7 miliyoni pompano?"

Azakhali adangoti kakasi. Dobadoba uja adali ataikapo yake pamwamba. Adalinso atalandira kale "ya mayendedwe" kwa wogula, ndipo madzulo ake amayembekezera "ya sopo" kwa azakhali. Nyumba imodzi, kudya katatu.

Achimwene anga ali ku Johannesburg adaseka nditawafotokozera pa foni. Ku Joni wolipira ejenti ndi wogulitsa, basi. Amasainirana pepala ntchito isanayambe, ndipo gawo la ejenti, lomwe nthawi zambiri limakhala pakati pa 5 ndi 7.5 peresenti kuphatikizapo VAT pamwamba, loya amalidula pa ndalama za nyumba umwini ukasintha. Wogula ali ndi katundu wake: msonkho wosinthira umwini ndi ndalama ya loya. Lamulo lomwe lidayamba kugwira ntchito mu February 2022 limatinso ejenti wopanda chiphaso chomulola kugwira ntchitoyi, chotchedwa Fidelity Fund Certificate, sangakakamize munthu kumulipira. Inde, wogulitsa amawerengera ndalama ya ejenti potchula mtengo, kotero imachokerabe mʼthumba la wogula. Koma mtengo umakhala umodzi, aliyense akuwuona.

Tsidya la Marka, chipata cha mʼmalire a Malawi ndi Mozambique, ukangolowa Vila Nova da Fronteira, nkhani imayambira pena. Ku Mozambique nthaka ndi ya boma, ndipo lamulo lawo la malo la 1997 silola kuigulitsa. Munthu amangokhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, womwe amautcha DUAT. Chogulitsidwa ndi nyumba ndi zomwe wamanga pamalopo, ndipo wogula amalipira msonkho wotchedwa SISA. Choncho wokupezera malo kumeneko akamati "ndikugulitsa poloti", muyambe mwamufunsa kuti akugulitsa chiyani kwenikweni.

Ine ndimaikira kumbuyo njira ya ku Joni. Wotuma ndiye alipire, ndipo ndalamayo itchulidwe wogula asanaonetsedwe ndi khomo lomwe. Madobadoba sindikuwada ayi. Kupalasa njinga dzuwa la mʼchigwa muno, kuchoka ku Bangula mpaka ku Ngabu kusaka wogula, si masewera. Chondinyansa nʼchoti salola mwini nyumba ndi wogula kuonana, mpaka nambala za foni amabisa.

Za azakhali zidathera pansi pa mtengo wa nimu kwa amfumu pomwepo. Adagwirizana 6.5 miliyoni, mnyamata uja nʼkupatsidwa K200,000 mboni zikuona. Adawerenga kawiri, nʼkukwera njinga osatsanzika.